Ndinavinitsa Chinsinsi cha Mwana wa M'kalasi Mwanga

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa ku sekondale, mayi wa zaka 46. Ndagwira choko zaka 21, ndipo sindinalotepo kuti tsiku lina ndidzakhala pansi kulembera kalata munthu woti sindikumudziwa nkhope. Koma zandikulira. Ndalakwira mwana wa eni, ndipo mwanayo wasiya sukulu, pomwe panopa kwangotsala milungu isanu ndi umodzi kuti alembe mayeso omaliza.

Ndiyambe ndi mmene ndimaphunzitsira, chifukwa vuto lagona pamenepo. Ine ndimaphunzitsa mabuku a nkhani ndi ndakatulo. Pa mabuku a mayeso a chaka chino pali lina lonena za nthawi ya atsamunda. Muli bambo wina wogwira ntchito m'nyumba ya mtsamunda. Alendo a bwana wake akabwera, amamuitana kukhitchini kuti adzawavinire pakhonde, akamaliza n'kubwerera kukatsuka mbale. Kumapeto kwa bukulo atsamunda anapita kalekale, nyumba ija inasanduka hotela, ndipo mdzukulu wake ndi amene akumwetulira alendo odzaona malo pakhonde lomwe lija. Ndi buku labwino zedi, koma ana amangoliloweza ngati mayina a mitsinje. Ukawafunsa kuti wolembayu akutiuza chiyani, amayankha onse pamodzi ngati kwaya: "Utsamunda ndi woipa, madamu." Ukati kuipa kwake kotani, kalasi yonse zii.

Ndiye zaka zingapo zapitazo ndinayamba njira yangayanga. Mwana aliyense amakhala ndi kope lapadera lomwe timalitcha kope la zakukhosi. Tikatha kuwerenga mutu umodzi, ndimawapatsa mphindi khumi ndi zisanu kuti alembe zimene mutuwo wawakumbutsa pa moyo wawo. Sindichonga, sindiika malikisi, cholembera chofiira sichilowamo. Mpaka ana anandipatsa dzina loti Madamu Lembani, amaganiza kuti sindikulidziwa. Likafika Lachisanu timakankhira madesiki kukhoma, kuvula nsapato, n'kuyesa kunena ndi thupi zimene pakamwa pakukanika: kuwerama kwa wantchito, kayendedwe ka bwana, kumwetulira kwa munthu amene sakufuna kumwetulira. Anzanga m'chipinda cha aphunzitsi amandiseka, amati ndatsegula bandi. Ankaseka choncho, koma ana anga ankakhoza, ndipo ine ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Lamulo la kopeli ndi limodzi lokha. Chaka chilichonse ndimaimirira kutsogolo, dzanja pamtima, n'kunena kuti: "Zimene mulembe umu zithera mwa ine. Sindiwerengera munthu, sindiuza munthu." Makopewo ndimawatsekera m'kabati yachitsulo, kiyi ndimayenda naye m'chikwama.

M'kalasi ya chaka chino muli mtsikana wina amene anzake amamutcha Mlembi. Amakhala desiki yachiwiri, pafupi ndi zenera losweka lomwe tinatseka ndi katoni. Ndi mwana wofatsa, ukamuloza amayankha mawu atatu n'kukhala pansi. Koma akagwira cholembera, mayo ine! Pa zaka zonse ndaphunzitsazi sindinaonepo mwana wolemba chotero. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, amakhala awiriwiri ndi bambo ake.

Tsiku lina ndinalemba pabolodi funso loti: "Kodi kwanu alipo amene amavinira alendo?" Ine ndinkanena mophiphiritsa. Ena analemba za azakhali awo amene amasintha mawu akamayankha foni ya bwana, ena za iwo eni akamaona ahedi akudutsa. Mlembi analemba masamba anayi onena za bambo ake.

Bambowo anali kalaliki pafakitale ina yomwe inatsekedwa. Panopa amavina pahotela ina yaikulu kuno kwathu, m'gulu lomwe limavinira alendo akamadya. Ndi munthu wamkulu, wa imvi, wokonda kuwerenga nyuzipepala, wovala magalasi okhuthala. Bwana wa hotelayo anawauza kuti alendo sachoka kutali kudzaona munthu wovala magalasi. Choncho asanatuluke kukavina amavula malaya, wotchi, nsapato, pomaliza magalasi, n'kuwalonga mu nsapato ya kumanzere kuti asasweke. Amavina osaona kanthu. Anthu owaombera m'manja amangowamva. Bwana uja anawauzanso kuti mlendo akawalankhula asamayankhe m'Chingelezi, azingoseka. Mwanayo anaziona yekha tsiku lina atawapititsira mankhwala omwe anaiwala kunyumba. Anaima kuseri kwa khitchini ya hotela, bambo ake n'kudutsa pafupi naye ali chosavala malaya, osamuzindikira. Anasiya mankhwala kwa mlonda n'kubwerera, ndipo sanawauze kuti anawaona. Kunyumba bambowo amati amagwira ntchito yolandira alendo, mwanayo n'kumangovomera.

Aphungu, ndinawerenga ndili ndekha m'kalasi ana atapita kokapuma, misozi n'kudonthera pa kope la mwana. Ndinati buku lonse lija ndi limeneli, ndipo mwanayu walilemba bwino kuposa mwini wake. Apa mpamene ndinayenera kutseka kope, kulibweza m'kabati, n'kukhoma. Koma mutu wangawu unali utayamba kale kupanga gule.

Kunkabwera tsiku la makolo, pomwe kalasi iliyonse imaonetsa zimene yaphunzira. Ndinakonza gule wa mphindi khumi wochokera m'buku lija. Pakati pake ndinaikapo wovina mmodzi wovula jekete, wotchi, nsapato, kenako magalasi, n'kuwaika mu nsapato ya kumanzere, n'kuyamba kuvina mopapasa, akumwetulira kumbali yomwe kulibe anthu. Ndinadziuza kuti bola sindikutchula dzina, ndiye kuti lonjezo lilipobe. Ana ndinawanamiza kuti ndaziganiza ndekha.

Tsiku loyamba kuyeserera, Mlembi anali pakona akuimba ng'oma yathu, yomwe ndi ndowa ya pulasitiki. Ataona nsapato ija manja anaima. Anandiyang'ana. Ine ndinati, "Mlembi, ng'oma, nthawi ikutha!" Anapitiriza. Ndinadziwa, Aphungu, musaganize kuti sindinadziwe. Titaweruka anatsalira pakhomo ngati akufuna kunena kanthu, ine n'kudzitanganitsa ndi kubweza madesiki mpaka anatopa n'kumapita. Tinayeserera milungu itatu, mwana akuimbira ng'oma chinsinsi cha bambo ake. Ndinkadzitonthoza kuti akadzamva anthu akuomba m'manja adzanyadira.

Chimene ndinaiwala, ine wanzeru uja, n'chakuti sukulu yathu ili pafupi ndi hotelayo. Makolo ambiri amagwira ntchito komweko, ena ochapa, ena ophika, ena alonda. Za magalasi mu nsapato ankazidziwa onse, kungoti ankazisunga m'mimba chifukwa cha ulemu. Bambo a Mlembi anali asanabwerepo pa tsiku la makolo chiyambire, koma ulendo uno anapempha chilolezo kuntchito popeza ndi chaka chomaliza cha mwana wawo. Anakhala mzere wachitatu, atavala jekete lotuwa ndi tayi. Ndiye ahedi athu, osandiuza, anaitana bwana wa hotela uja kukhala mlendo wolemekezeka, chifukwa ndi amene anatipentera holo. Iye anabwera ndi alendo ake asanu ndi awiri, n'kuwakhazika kutsogolo.

Itafika nthawi ya nsapato, holo inayamba kunong'ona. Ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akuti, "Iii, si akalaliki amenewo?" Mitu inayamba kutembenukira mzere wachitatu. Ana aang'ono anaseka. Alendo aja anaimirira n'kuyamba kujambula ndi mafoni, akugwedeza mitu motsatira ng'oma, iwo ankaona ngati ndi gule wachisangalalo. Bambo aja sanasunthe. Anakhala mpaka kumapeto, anaomba m'manja kawiri katatu ngati wina aliyense, kenako anaimirira, kumanga batani la jekete, n'kutuluka. Mlembi anasiya ndowa pansi n'kuwatsatira. Kuchokera tsiku limenelo sanapondenso pasukulu, ndipo lero yakwana milungu iwiri.

Ndinapita kwawo kamodzi, Loweruka m'mawa, ndipo bola ndikanakhala. Amakhala m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa malo owotcherera zitsulo. Ndinapeza bambowo ali pakhomo akupukuta mbale. Anandilandira ndi ulemu woti ndinalakalaka akanangonditukwana. Anandipatsa mpando, iwo n'kuima. Ndisanayambe n'komwe anati, "Madamu, gule wanu anali wokonzedwa bwino. Funso langa ndi limodzi basi. Za nsapato ya kumanzere anakuuzani ndani? Ndi mlonda uja kodi?"

Mukuona, Aphungu? Bambowo ankaganiza kuti ndi miseche ya anzawo a kuntchito. Ndikanakhala chete, kapena ndikanati ndinamva kwa anthu. Koma ine ndi pakamwa pangapa, pofuna kuti adziwe kuti ali ndi mwana waluso, ndinati, "Ayi bambo, ndi mwana wanu analemba. Muli ndi mwana wa mphatso kwambiri." Mbale inaima m'manja. Anati, "Ndiye kuti anandiona." Sanalankhule ndi ine, analankhula ndi mbale ija. Pamenepo ndinamva mawu kuseri kwa katani wa pakhomo. Mwanayo anali m'katimo nthawi yonseyo. Sanatuluke, sanakweze mawu. Anangoti, "Madamu, munati zithera mwa inu."

Sindikumbuka mmene ndinafikira pamsewu.

Mayi wina woyandikana nawo, amene mwana wake ali m'kalasi ina pasukulu pathu, wandiuza kuti m'nyumba muja simukumvekanso wailesi kapena kuseka. Bambo amachoka osatsanzika, mwana amawasiyira chakudya patebulo n'kutuluka. Akuti mtsikanayo wanena kuti sukulu yamukwana, ndipo wayamba kufunsira ntchito yochapa m'makomo mwa anthu. Mwana amene ndinkayembekeza kuti adzapita ku yunivesite ameneyo.

M'kalasi namo zinthu zafa. Palibe amene wandifunsa kanthu, koma ana si opusa. Lolemba ndinati tilembe zakukhosi, aliyense analemba mzere umodzi. Wina analemba kuti, "Lero kukutentha." Wina, "Bukuli ndi labwino." Lachisanu nditati tikankhe madesiki, anakankha, n'kuima chilili nsapato zili kumapazi. Ndinawauza kuti abweze madesikiwo tiwerenge mafunso a mayeso akale.

Tsono imvani izi. Bwana wa hotela uja anasangalala naye kwambiri gule wathu. Kaya sanamve kuti akunena iye, kaya anamva koma alibe nazo ntchito, sindikudziwa. Wapempha kuti ana akavine gule yemweyo kuhotela kumapeto kwa mwezi uno, kudzakhala alendo ambiri. Pabwalo lomwelo pomwe amavina bambo a Mlembi! Ahedi avomera kale. Anandiitana ku ofesi akumwetulira mpaka m'makutu, amvekere, "Madamu, mwatitchukitsa. Mukayeserere bwino, makamaka pansapato paja, alendo anapakonda." Ine ndinati, "Chabwino ahedi." Ndinatuluka n'kukasanza kuseri kwa ofesi.

Ndaphunzitsa buku limeneli zaka zinayi. Ndakhala ndikuloza chala bwana uja woitana munthu kukhitchini kuti adzavinire alendo ake. Lero ndikamaliwerenga ndikudzipeza ndekha mmenemo, ndipo sindili kukhitchini ayi, ndili pakhonde. Chakudya sichikulowa. Amuna anga akuti ndikukulitsa nkhani, ana amaiwala msanga. Iwo sanamve mawu aja kuseri kwa katani. Ndalemba kale kalata yosiya ntchito, ili m'chikwama pamodzi ndi kiyi wa kabati. Sindikuona kuti ndingaimenso kutsogolo kwa ana a anthu n'kuwauza kuti lembani.

Ndisiye ntchito kodi? Nanga mwanayu ndimubweza bwanji kusukulu, poti chilichonse chimene ndagwira ndachiwononga? Mu envulopu muno ndaikamo tsamba limodzi lomwe ndinakopera m'kope lake, kuti muone nokha luso limene ndalipha.

Ine wothedwa nzeru,
N.L.

*

Madamu N.L.,

Ndiyambe ndi tsamba lomwe mwaika mu envulopu. Ndinawerenga mizere iwiri, nditazindikira chimene chili ndinalipinda, ndipo likubwerera kwa inu pa positi. Madamu, kameneka ndi kachitatu. Koyamba munapereka mawu a mwanayu ku holo yodzaza anthu, kachiwiri kwa bambo ake, tsopano kwa ine munthu wa nyuzipepala. Nthawi zonse zitatu chifukwa chanu ndi chimodzi: mukufuna anthu aone luso lake. M'kalata yanu ndasinthamo zina ndi zina zimene zikanaulula banjali. Sindikunena izi kuti ndikupondereni muli pansi kale. Ndikufuna muone kuti dzanja limene linalakwa lija silinasiye, ndipo ntchito yanu yoyamba ndi kuligwira.

Kalata yanu yandikhudza. Munthu woipa mtima sasanza kuseri kwa ofesi. Njira yanu yophunzitsira ilibenso mlandu. Mwana wosalankhula analemba masamba anayi chifukwa munamutsegulira khomo, ndipo ana anavula nsapato chifukwa ankakukhulupirirani. Chimene chinalakwika n'chakuti munalonjeza, n'kuphwanya, mukudziwa. Mwavomera nokha, ndiye sindibwerezanso.

Kalata yosiya ntchito ija ing'ambeni. Ndikudziwa kuti ikukutonthozani ikakhala m'chikwamamo, chifukwa ikuoneka ngati chilango choyenera. Koma tafunsani kuti ithandiza ndani. Mukachoka, mwanayo akhalabe akuchapa m'makomo, ahedi apeza mphunzitsi wina woti atengere ana kuhotela, ndipo anthu azidzati mtsikana uja anachotsetsa madamu ntchito. Mudzakhala mwamusenzetsa katundu wina. Ngati mudzafune kusiya, mudzasiye mayeso atatha, mutu utazizira.

Mawa m'mawa, musanalowe m'kalasi, pitani kwa ahedi mukabweze "chabwino" uja. Auzeni mosazungulira kuti gule ameneyu munamutenga m'zolemba zachinsinsi za mwana popanda chilolezo, wavulaza banja, ndipo simudzamuvinitsanso kwina kulikonse. Mulembenso papepala, kuti mawa asadzati simunanene. Adzakwiya, adzakukumbutsani za penti wa holo. Muwasiye akwiye. Mukhoza kuwathandiza ndi mawu oti akauze bwana wa hotela, akuti ana ali pa mayeso ndipo makolo sanavomere, zomwe ndi zoona. Ngati pali aphunzitsi amene anajambula guleyo pa mafoni, apempheni afufute. Zimene anajambula alendo zinapita, palibe chimene mungachite, musatayirepo mtima.

Nkhani yaikulu ndi mayeso, ndipo apa pakufunika kuti inu muchepe. Pezani mphunzitsi wina wamkazi, wokhwima maganizo, wosayenda ndi nkhani pakamwa, amene mwanayu amamulemekeza. Ameneyo ndiye apite kunyumba kuja, osati inu. Akamuuze zinthu zogwirika: dzina lake likadali m'kaundula wa mayeso, atha kubwera n'kumawerengera ku laibulale kapena kukhala m'kalasi ina, ndipo sadzakakamizidwa kulowa m'kalasi mwanu kapena kulankhula nanu. Onetsetsani nokha kuti dzinalo lisachotsedwe chifukwa cha kujomba. Zimene anzake aphunzira milungu iwiriyi zikonzeni, koma zipite kudzera mwa mnzanuyo, zopanda kakalata kanu pamwamba. Ngati mwanayo akuopa maso a anzake, ahedi alole kuti aziwerengera kunyumba n'kudzangobwera masiku olemba. Milungu isanu ndi umodzi ndi yokwanira kwa mwana wotere, koma milungu itatu idzakhala itachepa, ndiye musagone nazo.

Kope lija ndi lake. Liikeni mu envulopu yomata pamodzi ndi tsamba lomwe ndikukubwezerali, ndi china chilichonse chimene munakopera, mnzanu uja akamupatse m'manja. Musasungeko ngakhale mzere umodzi woti muzikumbukira.

Kwa bambowo muyenera kupitanso, koma mutumize kaye mawu opempha, ndipo akakana mulemekeze. Akalola, musakatenge mphatso, musakalire mpaka iwo ayambe kukutonthozani, ndipo mawu oti luso musakawatchule. Mukanene zinthu ziwiri. Choyamba, kuti munalakwa. Chachiwiri, kuti mwana wawo sanakupatseni chilolezo, sanafune kuti munthu wina aliyense adziwe, analemba chifukwa mphunzitsi wake analumbira kuti zithera mwa iye. Bambo ameneyu pakali pano akuganiza kuti mwana wake anamuona ali chosavala n'kukamuyalutsa kusukulu. Ndinu nokha amene mungachotse ganizo limenelo. Zimene zili m'kope musakawafotokozere. Mwana akafuna adzawapatsa yekha kuti awerenge.

Pali chinanso chimene mwina simunachione. M'kalata yanu yonse bambowa mukuwamvera chisoni, koma simunawafunsepo kanthu. Munawerenga masamba anayi n'kugamula kuti ndi munthu wa m'buku lanu. Mwina ntchitoyo amadana nayo. Mwina pali mbali ina imene amaikonda, mwina ndi katswiri wovina. Chimene tikudziwa n'chakuti fakitale itatsekedwa sanakhale pansi, anapeza njira yoti mwana wake afike chaka chomaliza, ndipo anasankha yekha zoti mwanayo adziwe ndi zoti asadziwe. Alendo aja amawayang'ana n'kuona zimene anabwerera. Inunso munawayang'ana n'kuona phunziro la Lachisanu. Mukapita, mukapite kwa kholo la mwana wa sukulu yanu, mukakhale pansi ngati mmene mungakhalire kwa kholo lina lililonse limene mwalilakwira.

Ana a m'kalasi akudikira kuti aone ngati munena. Nenani. Osatchula dzina, osalongosola zambiri, muwauze kuti munatenga zolemba za mmodzi wa iwo n'kuzigwiritsa ntchito popanda kupempha, munawanamiza kuti munaziganiza nokha, ndipo munalakwa. Tsegulani kabati, aliyense atenge kope lake azisunga yekha. Kuyambira pano amene akufuna kuti muwerenge azikubweretserani, ndipo tsamba lomwe walipinda musalitsegule. Gule azichokera m'buku, kapena kwa mwana amene wanena ndi pakamwa pake kuti iyi ndi nkhani yanga, tiyeni tiivine, ndipo ngati ikukhudza kholo, kholo lidziwe. Musayembekeze kuti Lachisanu likubwerali avula nsapato. Mwina chaka chino sizithekanso, muyambira pa ana a chaka chamawa.

Za kusadya: amuna anu akulakwitsa ponena kuti nkhaniyi ndi yaing'ono, koma musawatsekere kunja. Awerengereni yankho ili. Mukaona kuti milungu ikupita chakudya chisakulowa ndipo maganizo akukutengerani koipa, pitani kuchipatala mukalankhule ndi aphungu a kumeneko maso ndi maso. Musachite nazo manyazi.

Tsopano chenjezo langa, ndipo mulimvetse. Zonsezi musazichite kuti mukakolole chikhululuko. Mtima wanu ukulakalaka tsiku loti mwanayu adzakugwereni m'manja n'kunena kuti palibe kanthu madamu. Tsiku limenelo mwina silidzafika, ndipo alibe nanu mangawa a mawu amenewo. Sindingakulonjezeninso kuti abwera kudzalemba. Mutha kuchita zonse molondola iye n'kukanabe, ndipo mudzayenera kukhala nazo moyo wanu wonse.

Koma ngati m'mawa wa mayeso mudzamuona akulowa pageti, yunifolomu yosita, cholembera m'manja, n'kutembenuza nkhope atakuonani, musadzamuitane. Musadzamumwetulire, musadzatume munthu kuti akamuuze mafuno abwino. Mudzapatuke, mumusiyire njira, akalembe.

Phungu wanu